Kamwala Kamene Kanakuza Mau a Wailesi

Munthu akatsegula wailesi madzulo, namva mau a wina amene ali kulankhula kutali ngati ali naye m'nyumba momwemo, kawiri-kawiri saganiza za ulendo umene mauwo ayenda. Nyumba ya mphepo imaponya mafunde osaoneka ndi maso, ndipo mafundewo amabalalikira ku mbali zonse monga amacitira madzi mwala ukagwa pa dziwe. Pofika pa waya wa wailesi ya kumudzi amakhala atafookeratu, kotero kuti mphamvu yao siingathe kugwedeza ngakhale nthenga ya nkhuku. Cifukwa cace m'kati mwa wailesi muli cipangizo cimene nchito yace ndiyo kulandira mafunde ofookawo ndi kuwapatsa nyonga. Amisiri amacicha ampulifaya, ndiko kunena cokuzira. Mbiri ya wailesi ya munthu wosauka, wokhala kutali ndi magetsi, ndiyo mbiri ya cokuzira cimeneci.

NYALI YA GALASI

Pa 12 Disembala 1901 Guglielmo Marconi, munthu wa ku Italy, anali pa phiri ku St John's, pa cisumbu ca Newfoundland. Waya wace anaukweza m'mwamba ndi kaiti, ndipo iye anachera khutu kuti amve uthenga wocokera ku Poldhu, ku Mangalande, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Anati anamva kugogoda kutatu kwa pansi-pansi, cizindikiro ca lemba la S. Masiku amenewo kunalibe cokuzira ciri conse, ndipo anthu ena anakayika ngati iye anamvadi kanthu.

M'caka ca 1904 John Ambrose Fleming wa ku London anapanga kanyali ka galasi kocotsedwa mpweya, kamene kanalola magetsi kupita mbali imodzi yokha. Kanyali kotere dzina lace ndi valavu. Patapita zaka ziwiri, mu 1906, Lee de Forest wa ku America anaonjezamo kawaya kacitatu kopindika-pindika. Pambuyo pace kunadziwika kuti magetsi ocepa oikidwa pa kawayako amalamulira magetsi ambiri odutsa m'valavumo.

Zimenezi zifanana ndi mlimi wa dimba amene anachinga mtsinje, naika kacitseko pa ngalande. Ngakhale mwana wamng'ono angathe kukweza kapena kutsitsa kacitsekoko, ndipo madzi ambiri amamvera dzanja lace. Mphamvu ya madziwo siicokera mwa mwanayo ai, icokera ku dziwe. Comweconso mau ofuula a wailesi sacokera mu mlengalenga. Acokera m'batire, ndipo mafunde ofooka aja amangogwira nchito ya mwana wa pa kacitseko.

Koma valavu inali ndi zobvuta zace. Kuti igwire nchito, kawaya ka m'kati mwace kanayenera kutentha monga ka nyali ya magetsi, ndipo kutenthako kunali kudya batire nthawi yonse imene wailesi inali yotsegula. Inafunanso magetsi ena amphamvu, ndipo popeza inali ya galasi, siinacedwe kusweka.

WAILESI YA SAFULIYA

Anthu a m'maiko a pakati pa Africa anaziona zobvutazi ndi maso ao. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo yaikuru yaciwiri, ndipo nkhondo itatha inali kulankhula kwa anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao, pamodzi ndi Cinyanja. Koma omvera anali owerengeka, pakuti wailesi inali yokwera mtengo. Harry Franklin, mkuru wa ofesi ya boma yofalitsa nkhani ku Lusaka, anafuna-funa kampani yoti ipange wailesi yochipa, ndipo kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande inabvomera.

Wailesiyo inafika m'caka ca 1949. Inali yozungulira, yacitsulo, yobiriwira ngati thambo, yooneka monga safuliya yoimikidwa cam'mbali, ndipo cifukwa ca ici inachedwa Saucepan Special. Ziboo zace zinatsekedwa ndi sefa kuti tizirombo tisalowemo. M'kati munali mavalavu 4. Mtengo wace unali mapaundi 5, koma batire lace, lalikuru ndi lolemera, linali masheleni 25, ndipo linali kutha patapita maora ngati 300. Banja lomvera maora atatu tsiku liri lonse linafunika kugula batire lina isanathe miyezi inai. Kwa mlimi amene amaona ndalama kamodzi pa caka atagulitsa fodya kapena mtedza, umenewu unali mtolo wolemera, ndipo batire likatha wailesi inali kukhala duu kufikira ndalama zitapezeka.

KAMWALA KA KU NEW JERSEY

Pamene izi zinali kucitika ku Lusaka, mankhwala a bvutoli anali atayamba kupezeka ku America. Kampani yaikuru ya matelefoni inali ndi nyumba yofufuzira nzeru yochedwa Bell Telephone Laboratories ku Murray Hill, m'cigawo ca New Jersey. Kumeneko anthu ophunzira anali kuyesa miyala ina yacilendo imene siilola magetsi kudutsa bwino monga mkuwa, komanso siiwaletseratu monga galasi. Iwiri ya miyala yotere ndiyo jemeniyamu ndi silikoni.

Pa 16 Disembala 1947 John Bardeen ndi Walter Brattain anatenga kapulasitiki kosongoka, nakakuta ndi golide wopyapyala, namceka golideyo pa nsonga ndi lumo kuti akhale mbali ziwiri zoyandikana kwambiri. Atakanikiza nsongayo pa kacidutswa ka jemeniyamu, anaona kuti magetsi olowa ku mbali imodzi anaturuka ku mbali inayo atakula. Panalibe galasi, panalibenso kawaya koyaka. Mwezi wotsatira mkuru wao, William Shockley, analingalira mtundu wina wolimba, wa magawo atatu osanjikizana monga mkate wopakidwa kanthu pakati. Gawo lapakati, lopyapyala, ndilo kacitseko ka pa ngalande kaja. Cipangizoci cinapatsidwa dzina lakuti tiranzisita, ndipo cinaonetsedwa kwa anthu onse pa 30 Juni 1948. Amuna atatuwa analandira mphatso ya Nobel m'caka ca 1956.

MABVUTO ATATU A AMISIRI

Tiranzisita inayamba kugwira nchito m'timakina tothandiza ogontha kumva, koma kuiika m'wailesi kunali kobvuta. Amisiri olumikiza njira za magetsi anakumana ndi mabvuto atatu.

Loyamba linali la liwiro. Mau a munthu amagwedeza mpweya kambiri-mbiri pa sekondi imodzi, koma mafunde a wailesi ngofulumira koposa. Mafunde ochedwa apakati amagunda ngati ka 1,000,000 pa sekondi, ndipo mafunde aafupi, amene amafika kutali kwambiri, amagunda kucokera ka mamiliyoni 3 kufikira ka mamiliyoni 30. M'matiranzisita oyamba gawo lapakati linali locindikala, ndipo magetsi anali kucedwa kulioloka. Funde lina linali kufika linzace lisanaoloke, ndipo zonse zinali kusokonezeka.

Laciwiri linali la likhweru. Wailesi imasankha nyumba ya mphepo imodzi mwa zambiri pogwiritsa nchito waya wokulungidwa, wochedwa koilo, pamodzi ndi kacipangizo kosunga magetsi kochedwa kondensa. Ziwirizi zimacita monga katungwe, amene amakwera m'mwamba pokha-pokha akamakankhidwa pa nthawi yace. Koma m'kati mwa tiranzisita muli kanjira kobisika kamene kamabwezera kumbuyo gawo lina la mafunde okuzidwa kale. Mafundewo amakuzidwanso, nabwereranso, kufikira cokuzira ciyamba kudzikankha cokha pa katungwe, ndipo wailesi imangolira likhweru m'malo mwa kulankhula. Amisiri anacita monga anacitira Louis Hazeltine ndi mavalavu m'zaka za m'ma 1920: anaonjeza kakondensa kakang'ono kobweza mafunde ena ofanana kukula koma otsutsana ndi obwererawo, kuti awiriwo afafanizane.

Lacitatu linali la kutentha. Jemeniyamu akafunda amalola magetsi ambiri kudutsa, magetsiwo namfunditsanso koposa, kufikira tiranzisita itapsa. M'maiko otentha ili linali bvuto lalikuru. Amisiri anaphunzira kuika kacipangizo kopinga magetsi pa mwendo umodzi wa tiranzisita, kotero kuti magetsi akafuna kucuruka, kacitseko kaja kamadzitsekako kokha pang'ono.

WAILESI YA M'THUMBA

Pa bvuto la liwiro anthu anathandizidwa poyamba ndi nzeru yakale. M'caka ca 1918 Edwin Armstrong anapeza njira yosanganiza mafunde ofulumira ocokera kunja ndi mafunde ena opangidwa m'wailesi momwemo, kuti paturuke mafunde oyenda pang'ono-pang'ono osabvuta kuwakuza. Mawailesi ambiri a mavalavu anali kutsitsira mafunde pa 455,000 pa sekondi. Koma pamene kampani ya Texas Instruments inagwirizana ndi kampani ina yaing'ono ya ku Indianapolis kupanga wailesi ya matiranzisita, amisiri anatsitsa mafundewo kufikira 262,000, cifukwa matiranzisita ao sanali kukuza bwino pamwamba pa apo.

Wailesi imeneyi, yochedwa Regency TR-1, inalengezedwa pa 18 Okutobala 1954. Inali ndi matiranzisita 4 a jemeniyamu, inali kukwana m'thumba, ndipo mtengo wace unali madola 49.95. Mau ace sanali okoma kweni-kweni, koma anthu oposa 100,000 anaigula.

Ku Japan, dziko limene linali litangoturuka m'cionongeko ca nkhondo, Masaru Ibuka ndi Akio Morita anali ndi kampani yaing'ono ku Tokyo. Iwo analipira madola 25,000 kuti aloledwe kupanga matiranzisita. Amisiri ao anayesa-yesa kwa miyezi yambiri, nataya matiranzisita oipa osawerengeka, kufikira anapeza kuti kuthira fosiforasi pang'ono mu jemeniyamu kunali kuthandiza kuonjeza liwiro. Akuru akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wailesi yao yoyamba kugulitsidwa, TR-55, inaturuka mu 1955, ndipo ya m'thumba, TR-63, mu 1957. Caka cotsatira kampaniyo inatenga dzina lakuti Sony.

Komabe mawailesi oyambawa anali kugwira mafunde apakati okha. Munthu wa kumudzi wakutali ndi Lusaka sakadapindula nao, pakuti mau anali kumfikira pa mafunde aafupi. Panafunika tiranzisita yofulumira koposa, ndiko kunena ya gawo lapakati lopyapyala zedi. Mu 1953 kampani ya Philco inasema jemeniyamu ndi timitsinje ta mankhwala kufikira atapyapyala, nipanga tiranzisita yofika ka mamiliyoni 60 pa sekondi. Mu 1954 ndi 1955 a ku Bell Laboratories anapeza njira ina yoposa: anaika kamwalako m'ng'anjo pamodzi ndi nthunzi ya mankhwala, ndipo mankhwalawo analowerera pang'ono pokha pamwamba pace, monga utsi ulowerera m'khungu la nsomba yowamba. Potero gawo lapakati linapyapyala kuposa tsitsi la munthu. Mu 1957 kampani ya Zenith inagulitsa wailesi ya matiranzisita yogwira mafunde aafupi, ndipo m'zaka zotsatira mitengo ya mawailesi otere inatsika ndithu. Silikoni, amene amapirira kutentha kuposa jemeniyamu, analanda malo ace pang'ono-pang'ono.

MAU AFIKA KUMUDZI

Pamenepo wailesi ya safuliya inatha nchito. Wailesi yatsopano siinafune batire lalikuru la masheleni 25 ai. Inali kulira ndi mabatire a toci, amene munthu akanatha kugula pa sitolo ya pafupi, ndipo inali yopepuka yoti n'kupita nayo kumunda, kudoko kapena pa njinga. Zinthuzi zinacitika pa nthawi yomweyo imene maiko a Africa anali kulandira ufulu. Malawi ndi Zambia anadzilamulira m'caka ca 1964, ndipo m'caka comweco kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation. Pambuyo pace ku Blantyre kunali fakitale yolumikiza mawailesi ochedwa Nzeru, amene anafala m'midzi yambiri. Anthu amene sanadziwe kuwerenga nyuzipepala anayamba kudzimvera okha nkhani za dziko, malangizo a ulimi ndi mauthenga a maliro, osadikira kuti wina awafotokozere.

Nchito ya amisiri siinathere pomwepo. Mu 1958 Jack Kilby ndipo mu 1959 Robert Noyce anaonetsa njira yopangira matiranzisita ndi zipangizo zinzace pa kacidutswa kamodzi. Lero telefoni ya m'manja iri ndi matiranzisita mamiliyoni zikwi-zikwi, ndipo mafunde ace kawiri-kawiri amagunda koposa ka mamiliyoni 800 pa sekondi. Koma pafupi ndi kawaya kace kolandirira mafunde pali cokuzira cogwira nchito yomwe ija, ndipo mmisiri wocipanga amalimbanabe ndi mabvuto atatu akale: liwiro, likhweru ndi kutentha.

Bardeen, Brattain ndi Shockley anali kufuna kukonza matelefoni a ku America, sanali kuganiza za mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena msodzi wa ku Nkhotakota. Koma kamwala kao, katadutsa m'manja mwa amisiri ambiri a maiko osiyana-siyana, kanacepetsa mtengo wa kumva, ndipo nkhani za dziko zinaleka kukhala za eni ndalama okha.