Malipilo ndi Citetezo ca Anthu Omanga Masiteji pa Malo a Boma

Msonkhano waukulu wa mapemphelo, konsati ya oimba kapena mwambo wa dziko ukamacitikila pa sitediyamu, pamakhala gulu la anthu amene amafika oyamba ndi kucoka omaliza. Ndiwo amatsitsa zitsulo m'mathilaki, kumanga siteji ndi denga lake, kukweza masipika ndi malaiti m'mwamba, kuyala nthambo za magetsi, ndipo khamu likabalalika usiku amayamba kupasula zonse. Nchito yao ndi ya masiku ocepa, yolemetsa, ndipo mbali ina amaigwilila pamwamba kwambili. Nkhani ino ifotokoza malamulo okhudza malipilo ndi citetezo cao, maka-maka pamene malowo ndi a boma kapena a khonsolo.

Cifukwa cake malo a boma ali ndi nkhani yakeyake

Mfundo yake ndi yakale: ndalama za misonkho ndi katundu wa anthu onse zisakhale cida cotsitsila malipilo. Boma likamapeleka nchito kwa kampani imene yachula mtengo wotsika koposa, njila yapafupi yopambanila ndiyo kudula malipilo a anchito. Poona zimenezi, nyumba ya malamulo ya ku Britain inagwilizana mu 1891 kuti makampani ogwila nchito za boma azilipila malipilo amene ali ofala pa nchitoyo. Cigamulo cimeneci cinasinthidwa kangapo mpaka cinathetsedwa mu 1983. Ku America, pulezidenti Herbert Hoover anasaina lamulo la Davis-Bacon mu 1931. Lamuloli limati kampani yomanga kapena kukonza nyumba ndi misewu ya boma lalikulu, pa pangano loposa madola 2,000, iyenela kulipila mlingo wofala m'dela limenelo. Mu 1965 kunabwela Service Contract Act, yokhudza makampani otumikila boma pa nchito zina zosakhala zomanga. Bungwe la anchito la padziko lonse, ILO, linaika mfundo yomweyi m'Pangano nambala 94 la mu 1949.

Vuto la omanga masiteji ndi lakuti nthawi zambili amagwela pakati. Malamulo amenewa amagwila nchito pamene boma ndilo likugula nchitoyo. Koma pa konsati, boma silikugula ciliconse, likungobweleketsa bwalo. Wokonza konsati amalipila lendi, amaitana kampani ya siteji, kampaniyo imaitana ina ya malaiti, ndipo inayo imatuma kapitao kukatola anyamata a tsiku limodzi. Mnyamata wokwela pa citsulo ali pa nthaka ya boma, koma pakati pa iye ndi boma pali makampani atatu, ndipo iliyonse ingakane kuti si abwana ake.

Kumene anchito ali ndi yuniyoni, mpatawu umatsekedwa ndi pangano. Yuniyoni ya IATSE, imene inayamba ku New York mu 1893, imaimila anchito a m'masiteji ku America ndi ku Canada. Mapangano ake ambili amati munthu akaitanidwa alipilidwe maola osacepela anayi olo nchito ithe msanga, apatsidwe nthawi ya cakudya pambuyo pa maola oikika, ndipo maola opitilila akhale ndi mtengo wokwela. Mfundo ya maola anayi ingaoneke yaing'ono, koma imateteza munthu amene walipila basi kucoka kutali n'kuuzidwa pa geti kuti thilaki sinafike.

Zimene zinacitika ku Indiana

Pa 13 August 2011, ku cionetselo ca pacaka ca boma la Indiana mumzinda wa Indianapolis, anthu anali kuyembekezela gulu loimba la Sugarland. Kunabwela cimphepo cothamanga pafupifupi makilomita 95 pa ola, ndipo denga la siteji, pamodzi ndi malaiti ndi masipika olendewela pamenepo, linagwela khamu. Anthu 7 anamwalila, 58 anavulala. Mmodzi wa omwalilawo anali wanchito wa siteji amene anali atakwela kale m'mwamba kukayendetsa laiti younikila oimba.

Akatswili a kampani ya Thornton Tomasetti, amene anafufuza ngoziyi, anapeleka lipoti mu April 2012. Anapeza kuti cimangoco sicinali colimba mokwanila pa mphepo yokankha cam'mbali. Zingwe zocigwila zinamangililidwa ku zipilala za konkili zongokhazikidwa pansi, ndipo mphepo itakula zipilalazo zinakhwekhweleka. Kafukufuku wina anaonetsanso kuti sizinali zomveka bwino kuti ndani anali ndi mphamvu yoimitsa konsatiyo nyengo itayamba kuipa. Apa m'pamene nkhani ya malo a boma imadabwitsa: munthu angaganize kuti bwalo la boma ndilo limayendeledwa kwambili, koma cimango ca kanthawi cimeneci sicinayendeledwe ndi oona za zomangamanga. Malamulo oyendela masiteji otele anakhazikitsidwa ngoziyo itacitika kale.

Mu February 2012 nthambi yoona za citetezo pa nchito ku Indiana inalipilitsa faindi mbali zitatu: kampani ya siteji ya Mid-America Sound madola 63,000, nthambi ya yuniyoni ya IATSE ya m'delalo madola 11,500, ndi komiti ya boma yoyendetsa cionetseloco madola 6,300. Yuniyoni inatsutsa, ponena kuti iyo imangotumiza anthu ku nchito, si bwana wao. Ndiye kuti ngakhale pambuyo pa imfa, funso lakuti wolemba nchito ndani linali likali mkangano. Lamulo la kumeneko linalinso ndi malile a ndalama zimene boma lingalipile pa ngozi imodzi, madola 5 miliyoni, ndipo aphungu anacita kuvomeleza mwapadela kuonjezela madola 6 miliyoni.

Patangopita miyezi khumi, pa 16 June 2012, denga la siteji linagwa ku Downsview Park mumzinda wa Toronto, malo a boma la Canada, gulu la Radiohead lisanayambe kuimba. Katswili wokonza ng'oma za gululo anamwalila. Milandu inatsegulidwa mu 2013, koma mu 2017 khoti inaiimitsa cifukwa inacedwa mopitilila malile, popanda ciweluzo cakuti wolakwa ndani.

Lamulo la kuno kwathu

Kuno ku Zambia mabwalo monga National Heroes Stadium ku Lusaka ndi Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola ndi a boma, ndipo amabwelekedwa ndi oimba, makampani ndi machalichi omwe. Womanga siteji pamenepo amatetezedwa ndi lamulo la anchito onse, Employment Code Act nambala 3 ya mu 2019.

Ambili a iwo amalembedwa monga aganyu. Lamuloli limati waganyu ndi munthu wolipilidwa pa ola, amene sanalembedwe kupitilila maola 24 nthawi imodzi, ndipo ndalama zake amalandila pa kutha kwa tsiku. Pamwamba pa mtengo wa ola ayenela kuonjezeledwa 25 pelesenti, popeza alibe chuti kapena mapindu ena a wanchito wokhazikika. Cotelo mau akuti "tidzakulipilani tikalandila ndalama za pa geti" sagwilizana ndi lamulo. Lamulo lomweli limaletsa kusunga munthu pa ganyu pamene nchito yake ndi yokhalitsa. Kampani imene imaitana anthu omwewo mlungu ndi mlungu, caka conse, n'kumawacha aganyu, iyenela kudzifunsa pa mfundo imeneyi.

Kwa wanchito wokhazikika, maola opitilila 48 pa mlungu amalipilidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka, ndipo nchito ya pa holide ya boma kapena pa tsiku lake lopuma imalipilidwa kuwilikiza kawili. Izi zimakhudza kwambili nchito ya siteji, cifukwa misonkhano ikuluikulu imagwa pa Ciwelu, pa Sondo ndi pa maholide. Malipilo otsika kothelatu amalengezedwa ndi nduna ya za anchito ndipo amasintha nthawi ndi nthawi. Mlingo wa pakali pano umapezeka ku ofesi ya leba.

Pangano la pakamwa limaloledwa, koma wolemba nchito ayenela kusunga colembedwa cake. Pakabuka mkangano ndipo iye alibe colembedwaco, zimene wanchito wanena zokhudza panganolo zimalandilidwa monga umboni. Pa za ngozi, olemba nchito amapeleka ndalama ku Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola, ndipo thumba limeneli ndilo limalipila wovulala pa nchito kapena banja la womwalila. Ndalamazi zimacoka kwa bwana, sizidulidwa pa malipilo a wanchito.

Komiti ya mpingo imene ikubweleka bwalo ndi kuitana kampani ya siteji ingathe kulemba m'pangano dzina la wolemba nchito anthu onse okwela pa zitsulo, tsiku lowalipila, umboni wakuti kampaniyo inalembetsa ku thumba la ngozi, ndi munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yoimitsa msonkhano mphepo kapena mvula ikakula. M'miyezi ya dzinja, kuyambila November mpaka March, mfundo yothelayi si yongolemba cabe.

Wanchito amene sanalipilidwe amayamba kukadandaula kwa ofisala wa leba wa m'boma lake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku nthambi ya High Court yoona milandu ya anchito, ndipo dandaulo liyenela kupelekedwa pasanathe masiku 90 kucokela pamene njila zina zokambilana zatha.