Kuchoka kwa kalaliki kufika pa kompyuta: ndani amalemba mawu athu kwa loya?

Mwezi watha tinaperekeza mayi wina wa m'komboni mwathu ku ofesi ya loya mu tauni ya Ndola. Nkhani inali ya nyumba imene malemu amuna awo anasiya. Mayiwo anafotokoza zonse m'Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Loya atamva, anatembenukira ku kompyuta n'kuyamba kulankhula Chizungu, ndipo mawu ankalembeka okha popanda wogwira mabatani. Pepala litatuluka tinaliwerenga pamodzi. Dzina la komboni linali litasanduka liwu lina la Chizungu, ndipo pa nambala ya puloti manambala awiri anali atasinthana malo. Loya anakonza, mayiwo anasaina. Pobwerera tinkangoganiza kuti pakanapanda wowerenga, mayiwo akanalumbirira nyumba ya munthu wina.

Vuto lotere linayamba kalekale kompyuta isanabwere. Chiyambire matauni athu, pakati pa pakamwa pa munthu wamba ndi pepala la khoti pakhala pali wina wake womvera ndi wolemba.

Ndola inayamba ngati boma la atsamunda mu 1904, ndipo Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pafupi ndi mgodi wa Nkana. Migodi inakoka anthu ochokera ku Luapula, ku Fort Jameson kumene lero ndi Chipata, ku Nyasaland ndi kwina. Munthu akagwa m'mlandu pa boma, woweruza anali mzungu. Wamlandu ankalankhula chinenero chake, womasulira ankatembenuza, ndipo zolembedwa zinali za m'Chizungu. Makalaliki ambiri a nthawi imeneyo anali ochokera ku Nyasaland, ophunzira ku sukulu za mishoni. Anthu ankawalemekeza komanso kuwaopa, chifukwa liwu limene iwo asankha ndilo linkatsala pa pepala.

Chitsanzo chachikulu ndi sitalaka ya mu 1935, pamene ogwira nchito anaima ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope, ndipo anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Sir Alison Russell linamva maumboni, ndipo anasindikizidwa. Koma amene awerenga lero zimene anthu a kumigodi ananena za msonkho ndi malipiro amazipeza m'Chizungu. Mawu enieni a amene analankhula kudzera mwa womasulira anathera m'chipinda momwemo.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma linatsegula makhoti a anthu akuda m'matauni a kumigodi, ndipo oweruza ake ankatumizidwa ndi mafumu a kumidzi. Mmenemo munthu ankalankhula chinenero chake, ndipo oweruza ankamumva okha. A. L. Epstein, amene anaphunzira zamalamulo, anafufuza makhoti amenewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ufulu utabwera, lamulo la mu 1966 linaika makhoti aang'ono amene tili nawo lero m'malo mwa makhoti akale aja. Koma ku makhoti a majisitireti ndi ku khoti lalikulu, ku Ndola ndi ku Kitwe komwe, chinenero cha zolemba chikadali Chizungu, monga mmene malamulo oyendetsera dziko amanenera za chinenero cha boma.

M'maofesi a maloya nchito yomvera ndi kulemba inali ya sekilitale. Loya ankalankhula, sekilitale n'kumalemba mofulumira ndi tizizindikiro ta shorthand, njira imene Isaac Pitman anatulutsa ku England mu 1837. Kenaka ankakhala pa taipi, n'kuika pepala la kaboni kuti patuluke makope. Pambuyo pake kunafala timakina tojambula mawu, timene ambiri ankatitchula ndi dzina la Dictaphone. Loya ankalankhulira m'kamakinako, sekilitale n'kumamvetsera tepi, phazi lili pa chopondera choimitsira ndi kubwezera m'mbuyo. Sukulu ya zamalamulo itatsegulidwa pa University of Zambia mu 1967, ndipo bungwe la Law Association of Zambia litakhazikitsidwa mu 1973, maloya a kuno kwathu anachuluka, nawonso masekilitale anachuluka. Ambiri anali azimayi, anzawo a amayi athu ndi azakhali athu.

Chimene azimayi amenewa anali nacho n'chakuti ankawadziwa malo ndi anthu. Ankadziwa kalembedwe ka Chifubu, Twapia, Wusakile ndi Chamboli. Ankadziwa kuti Mwanza ndi Mwansa ndi maina awiri osiyana. Akakayika ankaimitsa tepi n'kukagogoda pa chitseko cha loya kukafunsa.

Makina omva mawu nawo ali ndi mbiri yawo. Mu 1952 a Bell Labs ku America anapanga makina ozindikira manambala olankhulidwa. Mu 1962 a IBM anaonetsa makina otchedwa Shoebox, amene ankamva mawu 16 okha. Mu 1997 kunatuluka Dragon NaturallySpeaking, pulogalamu imene munthu ankatha kuilankhulira mosadukiza pa liwu lililonse, ndipo maloya ndi madokotala ambiri kunja anaitenga. Mu 2022 a OpenAI anatulutsa Whisper, imene inaphunzitsidwa ndi maola 680,000 a mawu ojambulidwa. Pa mndandanda wa zinenero zake pali Chiswahili ndi Chishona, koma Chinyanja ndi Chibemba palibe.

Kagwiridwe ka makina amenewa n'kosavuta kumva. Amamvetsera maola ochuluka a mawu amene ali ndi zolemba zake, ndipo akamva phokoso latsopano amasankha liwu limene likuoneka loyenera potengera zimene anamvapo kale. Akamva dzina lachilendo saimitsa tepi, amangoika liwu lofanana nalo limene akulidziwa. Ngakhale ku America komweko, kafukufuku wa pa Stanford University mu 2020 anapeza kuti makina a Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft ankalakwitsa mawu pafupifupi 35 pa 100 alionse a anthu akuda, pamene kwa azungu anali 19. Ndiye taganizirani Chizungu chathu cha ku Kopala, chodzaza ndi maina a Chilamba, Chibemba ndi Chinsenga.

Pali a kwathu amene ayamba kukonza zimenezi. Claytone Sikasote wa pa University of Zambia ndi mnzake Antonios Anastasopoulos anasonkhanitsa BembaSpeech, maola oposa 24 a Chibemba chowerengedwa. Mu 2023 kunatuluka Zambezi Voice, yokhala ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi, ndipo mbali ina ya mawu ake inachokera m'nkhani ndi m'mapulogalamu a pa wayilesi. Kwa ife amene timadzipereka pa wayilesi za m'madera, zimenezi zinatitsegula maso: matepi amene timafufuta sabata iliyonse ndiwo chakudya chimene makinawa akusowa. Koma maola 24 kuyerekeza ndi 680,000, ulendo ukadali wautali.

Sitikunena kuti maloya asiye makinawa. Kalata imene kale inkadikira masiku pa tebulo la taipi lero itha kutuluka munthu asananyamuke pa mpando, ndipo kwa wochokera ku Chimwemwe kapena ku Mushili ndiye kuti ndalama ya basi ya ulendo wachiwiri yapulumuka. Koma nchito yokayika ndi kufunsa, imene sekilitale ankagwira, tsopano yagwera ife eni nkhani.

Choncho inu achinyamata amene mumaperekeza makolo ku maofesi amenewa, musamangokhala panja n'kumasewera pa foni. Lowani nawo. Pemphani kuti pepala liwerengedwe mokweza ndi kumasuliridwa asanasaine. Yang'anani maina, nambala ya NRC, nambala ya puloti, madeti ndi kuchuluka kwa ndalama. Funsaninso ngati mawu ojambulidwawo akutsala mu ofesi kapena akupita pa intaneti, popeza lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limateteza nkhani za munthu. Chikalata cholumbirira chikafika kwa woweruza, amene amafunsidwa za cholakwika ndi uja anasaina pansi pake.