Kodi ngalande za mumsewu ndi za ndani?

Abale anga akumudzi ndi inu muli m'tauni, lero tikambe za ngalande. Msewu sugumuka ndi mvula yokha ayi, umagumuka madzi akasowa kolowera. Ndiye amene ankawatsegulira njira madziwo anapita kuti?

Nthawi ya atsamunda agogo athu ankalambula misewu mokakamizidwa, mfumu ikangolandira mawu a DC. Nthawi ya Kamuzu kunali Yufu Wiki. Chaka chilichonse mvula ikamatha, ife ana asukulu tinkanyamula makasu, akuluakulu mafosholo, kukafukula ngalande ndi kuchotsa mchenga m'makalavati. Panalibe malipiro, ndipo wokana ankaona zakuda. Zinali zamantha, sindikuzifunanso, koma madzi ankayenda m'njira yake.

Boma litasintha mu 1994, Yufu Wiki inathera pomwepo, anthu n'kumati inali thangata. Kenako kunabwera MASAF, yolipira anthu pokonza misewu ya m'midzi. Ndalamazo zinatipulumutsa ku njala, koma zinatisiyira matenda. Lero munthu sagwira khasu pamsewu ngati dzina lake silinalembedwe pa olandira.

Panopa ntchito inagawidwa. Msewu wa tala wa M6, wochokera ku Zalewa kukafika kuchipata cha Mwanza polowera ku Zobue, amausamala a Roads Authority, ndipo ndalama zina zimachokera pamtengo wa mafuta agalimoto. Misewu ya fumbi ya m'midzi amayang'anira a khonsolo. Koma kangalande kodutsa m'mbali mwa munda wanu, palibe bwana adzachoke ku Lilongwe kudzakafukula. Ena akulima mpaka m'ngalande momwe, ena akutayamo zinyalala. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 anapeza njira za madzi zotsekeka kale, n'kungodzikumbira zigwembe pakati pa msewu.

Wolira ndi ife tomwe. Lole ikakanika kulowa, manachesi timawasenza pamutu kapena kuwapereka kwa mavenda pamtengo wozizira. Mayi woyembekezera timamunyamula pamachira chifukwa ambulansi yabwerera panjira.

Maganizo anga ndi awa. Mu Okutobala, mvula isanagwe, amfumu aitane tsiku limodzi, aliyense afukule ngalande yoyang'anana ndi munda kapena nyumba yake. Kalavati wosweka ndiye a VDC akanene kukhonsolo, poti simenti si ya ife. Inu a ku Blantyre ndi ku Joni, titumizireniko ya fosholo ndi wilibala, msewu womwewu mumadzera pobwera kumaliro. Walira mvula walira matope. Mukuti bwanji abale?