Cuma Cokhala Papepala

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, pali cuma cimene munthu angacikhudze ndi dzanja, monga ng'ombe, cimanga kapena mkuwa. Palinso cina cimene cimakhala papepala pokha. Munthu akatulukira luso latsopano amakalilembetsa ku boma, ndipo amapatsidwa cikalata cochedwa patenti. Kwa zaka 20 wina aliyense wofuna kugwiritsa nchito lusolo ayenera kupempha cilolezo kwa mwini wake ndi kumlipira. Lero timva za kampani ina ya ku America imene inalemera ndi zikalata zotere, ndi za nkhawa ya anthu amene anaikamo ndalama zao.

Kampaniyo ndi Qualcomm. Inayambidwa m'caka ca 1985 mumzinda wa San Diego ndi anthu asanu ndi awiri, ndipo odziwika koposa mwa iwo ndi Irwin Jacobs ndi Andrew Viterbi. Vuto limene anafuna kuthetsa linali ili: kodi anthu ambiri angalankhule bwanji pa mafoni a m'manja nthawi imodzi popanda mau ao kusokonezana mumlengalenga? Akatswiri ena anati aliyense azipatsidwa kanthawi kakekake, mosinthana. A Qualcomm anati onse alankhule pamodzi, koma mau a munthu aliyense akhale ndi cizindikiro cake. Taganizani za msika waukulu wa mu Lusaka. Ena akulankhula Cibemba, ena Citonga, ena Silozi, koma khutu lanu limatola mau a mnzanu wa Cinyanja pakati pa phokoso lonselo. Njira imeneyi inachedwa CDMA. Ambiri anati siingatheke, koma inaonetsedwa poyera mu 1989, ndipo mu 1995 anthu a ku Hong Kong anayamba kuigwiritsa nchito.

M'caka ca 1999 kampaniyo inagulitsa mbali yake yopanga mafoni, ndi kutsala ndi nchito ziwiri zazikulu: kugulitsa tizipangizo tating'ono tochedwa chip, timene timalumikiza foni ndi mlongoti, ndi kutolera malipiro a patenti. Caka cimeneco mtengo wa masheya ake, ndiwo magawo a umwini amene anthu amagula, unawirikiza nthawi zoposa 20. Caka cotsatira unagwa kupitirira theka.

Gwero la mikangano linali kawerengedwe ka malipirowo. Qualcomm siinawerengere pa mtengo wa chip, koma pa mtengo wa foni yonse, kufikira magawo 5 pa 100 alionse. Aphunzitsi angapatse ana samu iyi: pa foni ya madola 400, magawo 5 pa 100 ndi madola angati? Opanga mafoni anadandaula kuti zili ngati mwini luso la cheni ya njinga kufuna gawo la mtengo wa njinga yonse, cishalo ndi belu zomwe. Kampaniyo inayankha kuti popanda cheniyo njinga siiyenda. Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndiye cifukwa cake milandu inatenga zaka.

Eni masheya anali ndi cifukwa ca kuda nkhawa. Mu 2016 malipiro a patenti anali ngati gawo limodzi mwa atatu a ndalama zonse zolowa, komabe phindu lalikulu la kampani linacokera kumeneko, pakuti cikalata sicifuna fakitale. Tsono cuma cotere cimaima pa zigamulo za maboma ndi za oweruza. Mu 2015 boma la China linalipiritsa Qualcomm cindapusa ca madola 975 miliyoni ndi kutsitsa malipiro a mafoni ogulitsidwa m'dzikomo. Mu Januwale 2017 bungwe la boma la America loyang'anira malonda linaisumira, ndipo patangopita masiku ocepa kampani ya Apple inacitanso cimodzimodzi. Posacedwa malipiro a mafoni a iPhone analeka kufika, mwakuti Qualcomm inauza eni masheya kuti m'miyezi itatu yokha idzaperewera madola 500 miliyoni. Funso la onse linali lakuti, ngati wogula wamkulu akana kulipira, adzaletsa ena ndani?

Pa 16 Epulo 2019, mlandu utangoyamba kumvedwa ku San Diego, Apple ndi Qualcomm anagwirizana, ndipo tsiku lomwelo masheya anakwera ndi magawo 23 pa 100. Cimwemweco sicinakhalitse. Mu Meyi woweruza Lucy Koh anagamula mlandu wa boma uja motsutsa kampaniyo, masheya nagwanso. Mu Ogasiti 2020 bwalo la apilo linafafaniza cigamulo cake. Kukwera ndi kugwa kwa masheya kumeneku sikunacokere ku luso la m'mafoni. Cinali kusintha ndi cikhulupiriro ca anthu pa zikalata zija.

Apple nayo siinagone. Mu 2019 inagula kwa Intel mbali yopanga tizipangizo tolumikiza foni ndi mlongoti pa mtengo wa madola 1 biliyoni, ndipo mu Febuluwale 2025 inatulutsa foni yoyamba yokhala ndi kacipangizo kakekake. Koma kupanga chip yako sikukumasula ku patenti za mnzako: mu 2024 cilolezo ca Apple kwa Qualcomm cinatalikitsidwa kufikira Malici 2027.