Mbiri ya MBC Band ndi nyimbo zimene inajambula

MBC Band linali gulu la oimba la wailesi ya boma ya Malawi Broadcasting Corporation. Gululi linakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 mumzinda wa Blantyre, patadutsa zaka zisanu ndi zinayi wailesiyo itayamba ntchito m'chaka cha 1964. Linali limodzi mwa magulu ochepa m'dziko muno amene oimba ake anali olembedwa ntchito ndipo ankalandira malipiro a pamwezi.

M'dziko la America, magulu akuluakulu a nyimbo za jazz anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, motsogozedwa ndi akatswiri monga Duke Ellington ndi Count Basie. Gulu lotere limakhala ndi oimba oposa khumi, ogawidwa m'zigawo za malipenga osiyanasiyana pamodzi ndi piyano, besi ndi ng'oma, ndipo aliyense amatsata nyimbo yolembedwa papepala.

Kuno ku Malawi, dzina loti jazz band linkagwiritsidwanso ntchito ponena za magulu a kumidzi oimba ndi mabanjo ndi ng'oma zopanga okha, monga Chimvu River Jazz Band. Gulu la zida zamakono linkafuna ndalama zambiri, motero mabungwe a boma monga wailesi, apolisi ndi asilikali ndiwo makamaka ankatha kusunga magulu otere.

Ena mwa akatswiri amene mayina awo amatchulidwa pa chiyambi cha MBC Band ndi Mjura Mkandawire ndi Wyndham Chechamba. A Chechamba anadzadziwikanso pambuyo pake chifukwa cha sukulu yawo yophunzitsa nyimbo mumzinda wa Blantyre. Gululi linkaimba limodzi ndi amayi otchedwa Chichiri Queens, dzina lochokera kudera la Chichiri komwe kuli likulu la wailesiyo.

M'chaka cha 1974, MBC Band ndi Chichiri Queens anatulutsa chimbale chotchedwa Kokoliko ku Malawi. Luso la gululi linali lotenga nyimbo za makolo n'kuzikonza kuti ziimbidwe ndi magitala a magetsi ndi zida zina zamakono, mosakaniza ndi kaimbidwe ka jazz ndi nyimbo zovina za m'tauni. Izi zinkagwirizana ndi mfundo za boma la Dr Hastings Kamuzu Banda zolimbikitsa chikhalidwe, ngakhale kuti nyimbo zinkayeneranso kutsata lamulo lounika zosangalatsa la m'chaka cha 1968.

M'nthawi imeneyo dziko lino linalibe makampani akuluakulu ojambula nyimbo. Oimba ambiri ankajambulitsa ku situdiyo ya MBC, ndipo nyimbo zambiri sizinatuluke pa zimbale zogulitsa koma zinatsala pa matepi ozungulira m'nkhokwe ya wailesiyo. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990 pamene makaseti anafala, masitudiyo a anthu wamba anachuluka, ndipo kiyibodi imodzi inayamba kugwira ntchito ya oimba angapo.

Matepi otere amawonongeka ndi kutentha komanso chinyezi, ndipo makina owaseweretsa anasiya kupangidwa mochuluka. Tepi imodzi ikawonongeka, nyimbo imene inalibe kope lina imatayikiratu. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 2010 kunachitika ntchito yosamutsira nyimbo zakale za MBC pa kompyuta, mothandizidwa ndi dziko la Norway komanso katswiri wa zoulutsa mawu wa m'dzikolo, Sigbjørn Nedland.

Nkhokwe imeneyi ndi yofunika kwa ofufuza mbiri, kwa mabanja a oimba amene ayenera kupindula kudzera m'bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA, komanso kwa achinyamata ophunzira nyimbo m'malo monga Music Crossroads ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe, amene angamve m'matepiwo mmene akuluakulu awo ankasandutsira nyimbo ya kumudzi kukhala ya gulu lonse.