Chifukwa chake Wi-Fi inkakana pa Linux

Ku Masala mu Ndola, ambiri a ife laptop imene tingakwanitse ndi ya salaula. Windows ikayamba kuilemera timaikamo Linux, koma nthawi zina Wi-Fi imakana kuyaka. Vutoli ndi lakale, ndipo linachokera kwa opanga ma chip.

Kadi ya Wi-Fi imafuna driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi kadiyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani ambiri ankalemba ma driver a Windows okha, n'kubisa mmene ma chip awo amagwirira ntchito. Mu 2003 kunabwera NDISwrapper, imene inkabwereka driver ya Windows, koma makina ankazima pafupipafupi. Pa ma chip a Broadcom, anthu odzipereka anagawana ntchito: gulu lina linafufuza driver ya kampaniyo n'kulemba zimene linapeza, lina linalemba driver yatsopano potsatira zolembazo. Mu 2006 driver imeneyi inalowa mu Linux.

Pang'onopang'ono makampani anagonja. Atheros inatulutsa driver yake poyera mu 2008, Broadcom mu 2010. Chinatsala ndi firmware, pulogalamu yokhala mkati mwa chip, imene ambiri amaibisabe. Debian inkakana kuiika pa installer yake mpaka mamembala ake atavota mu 2022, ndipo Debian 12 ya mu 2023 inabwera nayo.

Manje Wi-Fi ikakana, osataya laptop. Lembani lspci muone dzina la chip, tengani intaneti pa foni ndi chingwe cha USB, mukoke driver yoyenera.